Galu Wathu Asankha Ekizozi

Bambo atamwalira, anthufe tinalira, tinatopa, kenako tinayambanso kudya. Galu wathu sanalire, koma kudya anasiyiratu.

Dzina lake ndi Kondakitala. Bambo anamutcha choncho chifukwa galimoto yawo ili ndi mipando iwiri yokha, ndipo Loweruka ndi Lamlungu wachiwiriwo unkakhala wake. Ndi galimoto yakalekale yothamanga, yofiira, yotsika pansi ngati bafa, mphuno yaitali kuposa thupi, denga lansalu lopindira kumbuyo. Amayi ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Ankati mkazi mnzawoyo amasambitsidwa ndi sopo n'kupukutidwa ndi thaulo, pamene iwo Bambo sanawatsulepo ngakhale kumsana.

Galimotoyo inkamveka isanaoneke. Madzulo Bambo akafika pa ngodya ya golosale ankatsitsa giya, ndipo Kondakitala ankadzambatuka paliponse pamene wagona n'kuthamangira kugeti. Akawalandira, m'pamene ankapita pambale yake. Moyo wake wonse anadya motero: galimoto ilire, Bambo atsike, iye adye.

Maliro atatha anakagona pansi pa thanki yamadzi. Ankangonyambita timadzi ndi kamkaka. Tinamupatsa mpunga wa msuzi, anaununkhiza. Tinamupatsa chiwindi, anatembenuka. Amayi anamukazingira soseji, chinthu chimene ine mwana wawo amandikazingira pokhapokha ndikadwala, iye n'kuisiyira nyerere. Nthiti zinayamba kuonekera kunja.

Ine ndinali nditasiya koleji. Ndinabwera kudzadwazika Bambo, ndipo zonse zitatha sindinaone chifukwa chobwerera kukamvera munthu wa tayi akufotokoza mmene misika imayendera. Ndinkadzuka dzuwa lili pamutu n'kukakhala pafupi ndi thanki. Ine ndi galuyo tinkafanana pa zonse, kungoti ine ndinkadya.

Dokotala wa ziweto anabwera. Anamuyang'ana m'kamwa, anamusisita pamimba, anamupimanso kumene galu aliyense sakonda kupimidwa.

"Alibe matenda," anatero akuvula magolovesi. "Akudikira munthu. Koma akapitiriza chonchi satenga nthawi, ndi wokalamba."

"Munthu akumudikirayo sabweranso."

"Ndiye mumuuze."

Ndinamuuza. Ndinagwada pansi pa thanki n'kumufotokozera bwinobwino, monga mmene adokotala anandifotokozera ine m'khonde la chipatala. Anayasamula.

Apa m'pamene nzeru inandibwerera, yoyamba chisiyireni sukulu. Ngati galu amadya galimoto ikalira, ilire basi. Ndinatenga kiyi pamsomali, ndinachotsa chinsalu chimene chinaiphimba, n'kuliza. Inakhosomola, inanjenjemera, kenako kunamveka kuti phwaa, ndipo chimene chinatsatira chinali phokoso la ndowa zachitsulo zikugubuduzika pa masitepe. Kondakitala anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anadzuka pang'onopang'ono n'kukagona kuseri kwa nyumba.

Malume anatulukira akutafuna. Iwowa ndi achimwene awo a Amayi. Anabwera kudzatipepesa maliro ndipo anali asanamalizebe, makamaka chakufiriji. Galimoto sanakhalepo nayo, koma akwerapo zambiri, ndiye amadziwa zonse.

"Tsegula boneti, Pulofesa," anatero. Amanditchula choncho chisiyireni koleji.

Ngakhale ine ndinaliona vutolo. M'mbali mwa injini muli chitsulo cha nthambi zinayi. Nthambi iliyonse imalandira utsi wa silinda yake, zonse n'kukumana m'paipi imodzi yopita kumbuyo. Amakaniko amati manifodi. Yathu inali itagawanika pawiri ngati banzi.

"Kholingo lathyoka," anatero Malume. "Ndinkawauza alamu anga."

"Munawauza liti?"

"Mumtima."

Tinaikoka ndi chingwe mpaka kwa a Mwaye, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. A Mwaye amakonza ekizozi yokhayokha, mapaipi otulutsa utsi wa galimoto. Ukawapempha kuti ayang'aneko mabuleki amakuona ngati wawapempha kuti akuzule dzino. Ngakhale atasamba bwanji, m'makutu mwawo mumakhalabe bii. M'galaja mwawo mapaipi amalendewera kudenga ngati nyama m'butchala, ndipo iwo amayenda pansi pake osawerama, monyadira.

Anaizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo. Kenako analowa m'kachipinda n'kutulutsa zitsulo zitatu, n'kuziyala pansi.

"Iyi ndi yofanana ndi imene inabadwa nayo," anatero akuloza yakuda, yolemera. "Ndinaichotsa m'galimoto ina ya mtundu womwewu imene inagweredwa ndi mtengo. Siithamanga, siidandaula. Imeneyi idzakuikani m'manda nonsenu."

Malume anakhosomola.

"Pepani," anatero a Mwaye. "Ndimatero kwa aliyense." Analoza yachiwiri, yonyezimira. "Iyi ndi ya mapaipi aafupi, chitsulo chosachita dzimbiri. Imalowa popanda kukangana ndi chiwongolero. Koma imakuwa. Ndipo iyi," anakhudza ndi phazi yachitatu, yopotana ngati matumbo, "ndi ya mapaipi aatali. Anayi amasanduka awiri, awiri n'kusanduka imodzi, mosiyana ndi mipingo. Imakoka bwino pachitunda, kungoti imalendewera pansi, imadana ndi mahampu. Tsono mukufuna chiyani, aphwanga, mphamvu kapena liwiro?"

"Ndikufuna izilira mmene inkalirira."

"Inkalira bwanji?"

Malume anandikankhira pambali. Anakonza kukhosi, anatambasula miyendo, n'kuyamba: "Vruu, vru-vru-vru, vruuu."

"Imeneyo ndi njinga yamoto," anatero a Mwaye.

Ndinayesa ine. "Gudu-gudu-gudu, brrr."

"Imeneyo ndi m'mimba."

Ndinatulutsa foni kuti ndifufuze. Ndinali ndi mavidiyo a anzanga akukoleji akuvina patebulo. Ndinali ndi ya mphaka wa munthu amene sindimudziwa akugwera m'sinki. Ya galimoto ya Bambo ndinalibe ngakhale imodzi. Ya Bambo akuyankhula ndinalibenso. Ndinaibweza foni m'thumba, n'kuwafotokozera a Mwaye za galu.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akukanda m'khutu ndi sipanala yaing'ono.

"Ndiye kasitomala wanga ndi galu."

"Eya."

"Ndakhalapo ndi makasitomala oipa kuposa galu. Galu sadzabwera Lolemba kudzandiuza kuti m'bale wake akuti ndalakwitsa." Anawayang'ana Malume. "Tichite chonchi. Ndiziika imodzi, inu muziyendetsa mpaka kwanu. Imene galu aidzukire, imeneyo ndiyo yake."

Amayi atamva anati ndi misala, ndipo misalayo ndi yakuchimuna chifukwa kwawo kulibe.

"Nanga Malume?" ndinafunsa.

"Amenewo anagwa pa njinga ali mwana. Si zakumtundu."

Komabe anatulutsa mpando n'kukhala pakhonde, akuti aone misala ikamadutsa.

Tinayamba ndi ya mapaipi aafupi, chifukwa Malume anati munthu wozindikira amayamba ndi chonyezimira. Anakhala pampando wa galu, chigongono panja. Nditatsitsa giya pa ngodya, galimoto inakuwa mwakuti maalamu a magalimoto oimikidwa anayamba kulira motsatizana. Mwini golosale anatuluka manja ali m'mwamba. Agalu onse a mumsewu wathu anathamangira kumageti awo, ngakhale kagalu kaubweya ka adona a pa nyumba yapinki kamene sikaponda dothi. Onse anadzuka kupatula mmodzi. Kondakitala anatsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

"Wagalamuka," anatero Malume. "Ndi chiyambi."

"Bambo ako sanali munthu wachipongwe chonchi," anatero Amayi, zala zili m'makutu. "Kaibweze."

Ya mapaipi aatali inali ndi mawu aakulu, a munthu woimba besi amene amadziwa kuti akumuyang'ana. Ndinaikonda. Koma pa hampu ya pafupi ndi golosale inakhula pansi mpaka moto kuthetheka, galimoto n'kukhala pamwamba pa hampuyo ngati nkhuku yofungatira.

"Malume, tsikani."

"Chifukwa?"

"Mukulemera."

"Ine? Ndi chisoni chimenechi. Chisoni chimalemera."

"Tsikani nacho chisonicho, mukankhe."

Anakankha akung'ung'udza, mwini golosale akuwalangiza ali pamthunzi. Titafika kunyumba, khutu limodzi la Kondakitala linaimirira. Malume anayamba kale kudzitama kuti anasankha ndi iwo. Kenako khutulo linagwedezeka, ntchentche n'kuulukapo, ndipo linagwanso.

Inatsala yakuda ija, yofanana ndi yobadwa nayo. Chiyembekezo changa chonse chinali pamenepo. Pamene a Mwaye ankamanga mabawuti, ine ndinkaganiza za nthiti zija. M'mawa wa tsikulo galuyo anali atalephera kuimirira bwinobwino pokamwa madzi, miyendo yakumbuyo ikuterereka pa simenti.

Inalira bwino. Mawu oyera, odekha, opanda chilema. Pa ngodya ndinachita zonse monga Bambo: phazi pa kilachi, kukhudza mafuta pang'ono, giya yachiwiri. Ndikulowa pageti ndinamuona Kondakitala atadzutsa mutu, makutu onse awiri ali chilili. Anamvetsera. Anamvetsera ndithu, mutu ataupendeketsa. Kenako anautsitsa pang'onopang'ono n'kuuika pa miyendo yake.

Ndinazimitsa injini. Sindinatsike.

Amayi anali atasiya kuseka. Anaimirira n'kubwera pafupi.

"Yatsala pang'ono," anatero. "Koma ikusowa ka tsi."

"Ka chiyani, Amayi?"

"Ka tsi. Mkazi mnzangayu ankayankhula ngati munthu wa mpata m'mano. Uyu wabwera nayeyu mano ake ndi athunthu." Analowa m'nyumba, anatuluka atavala nsapato, chikwama m'manja. Chichitikireni maliro anali asanadutsepo geti. "Achimwene, tsikani. Mukhale ndi galu. Muzimufotokozera nkhani zanu zija, mwina adya kuti mukhale chete."

Kulowa m'galimotoyo kunawatengera nthawi. Anati munthu amene anaipanga analibe mawondo. Atakhazikika anagwira chikwama ndi manja awiri, n'kuyang'ana kutsogolo ngati akupita kukhoti.

Ku galaja tinapeza woyendetsa takisi wina akudikira, ndi bambo wina wonenepa atanyamula ngati khanda sailensa, chitsulo chochepetsa phokoso la galimoto. A Mwaye anapukuta mpando ndi nsanza imene inaudetsa kuposa kale.

"Sindikhala," anatero Amayi. "Ndabwera kuti mumve."

Anaima pakati pa galaja, pansi pa mapaipi olendewera, mu diresi yawo yakuda. Anatsinzina. Kenako anayamba, motsitsa, kuchokera pachifuwa: "Du-du-du-tsi, du-du-du-tsi, du-du-du-tsi." Dzanja lawo lamanja linagwira giya yosaoneka. "Vuuum, pha, pha, tsi. Du-du-du-tsi."

Woyendetsa takisi anavula chipewa. Ine ndinatembenukira kukhoma n'kuyamba kuwerenga kalendala yakale ya kampani ya matayala, chifukwa Bambo anali atalowa m'galajamo ndipo sindinafune kuti anthu andione nkhope.

"Mayi," anatero a Mwaye, "mubwerezenso pamene pali pha pha."

Amayi anabwereza.

A Mwaye anapita pamulu wa zitsulo zotaya n'kukokapo zidutswa ziwiri za manifodi yathu yakale. Anazitembenuza powala. Pa nthambi yachitatu panali mng'alu wina, osati watsopano uja. Unali wakuda m'mbali mwake, wosalala ndi ukalamba, ndipo pamwamba pake panali patatsalira kachitini ka mkaka komangidwa ndi waya.

"Mng'alu uwu ndi msinkhu wa mnyamata wanuyu," anatero. "Ka tsi kanu ndi kameneka. Amuna anu ankayenda ndi ekizozi yobooka."

"Ankandiuza kuti anaipanga choncho kufakitale. Kuti izipuma."

"Denga ankatseka?"

"Ngakhale pamvula sankatseka. Ankati ndi sitayilo."

"Sitayilo ayi, Mayi. Akanatseka, utsi ukanawagoneka pa chiwongolero."

Amayi anayang'ana kachitiniko, anandiyang'ana ine.

"Ndiye kuti majekete onse onyowa aja ndinkayanika m'khitchini chifukwa cha kabowo aka? Ndi chimfine chonse chija? Munthu ndinkamuphikira mandimu ndi uchi, akunjenjemera, akundiuza za sitayilo." Anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pampando wakuda uja, anaseka mpaka kusekako kunasanduka china, bambo wa sailensa n'kuwapatsa mpango.

Nditaona kuti apuma, ndinati, "A Mwaye, booleni yatsopanoyi."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha mkazi wawo.

"Ine ndimatseka mabowo, aphwanga. Anthu amabwera kuno ndi tsi, amachoka alibe tsi. Ntchito yanga ndi imeneyo. Akamva kuti galimoto yatuluka kwa Mwaye ikuti tsi, ndiziyenda bwanji m'tauni muno? Ana anga azipita bwanji kusukulu?"

"Kabowo kakang'ono chabe."

"Ngakhale ka singano."

"Ndili ndi hamala m'takisimu," anatero woyendetsa takisi.

"Inu dikirani nthawi yanu."

Amayi anapinda mpango uja bwinobwino n'kuubweza kwa mwini wake. "Bambo," anatero, "nanga tikamauza anthu kuti tinakonzetsa kwina?"

"Kuti?"

"Kwa aliyense amene mumadana naye."

A Mwaye anatembenuka. Maso awo anapita okha tsidya la msewu, kumene kuli galaja ina ya chikwangwani chachikulu chowala, cholembedwa kuti ndi akatswiri a ekizozi. Pakamwa pawo panayamba kugwedera ngati akubisa kumwetulira.

"Muzinena mokweza," anatero. "Makamaka pomwetsa mafuta."

Komabe kuboola anakana, akuti chitsulo chabwino sachilakwira. Anati amasula pang'ono nati imodzi ya pa nthambi yachitatu kuti utsi uzipeza potulukira pa gasiketi, polumikizira nthambiyo ndi injini. Anandilumbiritsa kuti denga sindidzatseka, ndipo galu akadzachira ndidzabwere amangenso. Ndinaliza injini. A Mwaye anawerama ndi sipanala. Amayi anaima pambali atatsinzina, dzanja lili m'mwamba ngati woimbitsa kwaya.

"Masulani. Masulaninso. Ayi, mwapitirira, imeneyo ndi njoka."

A Mwaye anabweza.

"Apo ndiye ali ndi chimfine. Pang'ono pokha. Ngati mukutsegula botolo mwana ali m'tulo."

"Mayi, dzanja likupsa."

"Lipse, muli nalo lina. Bwezani kachidutswa."

Woyendetsa takisi ndi bambo wa sailensa anali atasendera pafupi, mitu itapendekera mbali imodzi. Sipanala inasuntha mwina kukula kwa chikhadabo.

Du-du-du-tsi. Du-du-du-tsi.

Dzanja la Amayi linatsika lokha.

"Afika," anatero motsitsa.

A Mwaye anachotsa sipanala mwakachetechete, n'kubwerera m'mbuyo chonyang'ama.

Pobwerera, tisanafike pa ngodya, Amayi anandiuza kuti ndiime. Anati apita wapansi akakonze mbale, ndipo akufuna akaimve galimotoyo ali pakhonde, osati ali m'mimba mwake. Ndinazimitsa injini pafupi ndi golosale n'kuwayang'ana akupita, chikwama chikugunda m'mwendo.

Mwini golosale anasuzumira. "Lero ndi iti? Nditsekeretu mawindo?"

"Lero ndi yeniyeni."

Nditatero m'pamene mantha anandigwira. Masiku onsewo ndinkangoganiza zoti galu adzuke. Sindinaganizepo za chimene adzapeze akafika pageti. Ndinali pafupi kunamiza nkhalamba yodwala, kuiuza ndi mapaipi kuti munthu wake wabwera, kenako chitseko chitseguke, atuluke ine. Ine wa kabudula wogonera, wosiya sukulu, amene ngakhale amalume ake amamuseka. Ndinagwira kiyi nthawi yaitali osaipotoza.

"Yafanso?" anafunsa mwini golosale. "Ndiitane okankha?"

Ndinaliza.

Phazi pa kilachi, mafuta pang'ono, giya yachiwiri. Vuuum, pha, pha, tsi. Ndisanawongole n'komwe chiwongolero ndinamva kuuwa. Kunali kuuwa kosasa, kwa pakhosi pouma, koma ndinakudziwa. Malume anali atatsegula geti, ndipo pakati pa bwalo Kondakitala ankabwera. Sikunali kuthamanga kwenikweni. Miyendo yakutsogolo inkapita kugeti, yakumbuyo inkapita kwa aneba, mchira ukuzungulira ngati ukufuna kuthandiza. Anagwa, anadzuka, anapitiriza.

"Fumbi," anatero Malume akupukuta m'maso, ngakhale palibe anawafunsa.

Ndinaima. Anafika pachitseko n'kuchikanda. Ndinatsegula.

Ananunkhiza nsapato yanga. Ananunkhiza bondo. Anasuzumira kumbuyo kwanga, kumene kulibe mpando uliwonse. Anazungulira galimoto yonse, anayang'ana pansi pake, anaima nthawi pa buti. Kenako anabwerera n'kukhala pansi patsogolo panga, akupuma movutikira, n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndine ndekha," ndinamuuza. "Pepa, mkulu."

Anandiyang'anabe. Mchira unali utasiya. Ndinaganiza kuti basi, ndamupha ndi manja anga, abwerera pansi pa thanki ndipo sadzukanso.

Anayetsemula pa mwendo wanga. Anadzuka, anapita pa tayala lakutsogolo, anayesa kukweza mwendo, analephera, n'kulikodzera ataima ndi inayi yonse. Atatero anayenda pang'onopang'ono kupita pakhonde, pamene Amayi anaima atagwira mbale. Anaiika pansi. Kondakitala anatifulatira tonse n'kuyamba kudya. Ankadya ngati munthu amene wakwiya ndi wophika koma njala yamuposa mphamvu, akung'ung'udza pakati pa nthongo iliyonse ya mpunga. Malume atasendera kuti aone ngati m'mbalemo muli chiwindi, anawaonetsa mano.

"Wachira," anatero Amayi. "Wayambanso kuzindikira anthu."

Tsiku lotsatira ndinadzuka mochedwa monga mwa masiku onse, ndili ndi mtima wa munthu amene wamaliza ntchito. Ndinapeza mbale ili yodzaza, galu ali pansi pa thanki. Ndinaliza galimoto pabwalo pomwepo. Sanatembenuke. Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba zingapo, n'kubwerera ndi vuum ndi pha pha zonse. Anandiyang'ana mmene aphunzitsi amayang'anira mwana amene wakopera ntchito ya mnzake pamodzi ndi dzina lomwe.

"Sapusitsika," anatero Amayi. "Munthu sabwera asanapite."

Ndinapita kukakhala kwa a Mwaye mpaka madzulo, iwo akunamizira kuti sakundidziwa. Nditabwerera dzuwa likulowa, Kondakitala anandichingamira pageti, anandinunkhiza mwachidule, n'kukadya.

M'mawa mwake bulangete linachoka pathupi panga mbalame zikuyamba kumene phokoso. Amayi anaima pamutu panga, bulangete m'dzanja limodzi, kabokosi ka chakudya m'dzanja lina.

"Dzuka, usambe. Uvale thalauza la anthu."

"Kwagwanji?"

"Ukupita."

"Kuti?"

"Ndidziwe ine? Galu adye madzulo ano."

Ndinasamba ndikudandaula. Malume anali kale patebulo, akupaka batala mbali zonse ziwiri za buledi. "Pulofesa wapeza ntchito," anatero. "Abwana ake ndi galu."

"Inunso mukwere," anatero Amayi. "Akakusiyeni kudepoti."

Malume anati mwendo wawavuta kuyambira tsiku lokankha lija, ndipo anatenga buledi wawo n'kukagona.

Panja Amayi anaika kabokosi kaja pampando. Kondakitala anali atakhala kale pafupi ndi geti, akuyang'anira ngati kapitawo.

"Amayi, kunena zoona, tsiku lonse ndikakhale kuti? Bambo ankapita kuntchito. Ine ndilibe kopita."

"Ntchito yanji? Bambo ako anapuma ntchito iwe uli kusekondale. Unawaonapo atakhala pakhomo masana?"

Ndinaganiza. Sindinawaonepo.

"Ndiye ankapita kuti?"

"Sindinawafunsepo. Ine ndinkangomva akubwera." Anandikonza kolala, n'kumenya boneti kawiri ngati akuthamangitsa mbuzi. "Ubwere dzuwa likamalowa. Ukafulumira, ukafotokoze wekha kwa a Kondakitala."

Ndinatuluka. Pa ngodya ndinaima, chifukwa msewu wathu umathera pamenepo ndipo munthu amayenera kukhota. Ndinayatsa indiketa ya kumanzere. Ndinaizimitsa, n'kuyatsa ya kumanja. Ndinabwereranso ku ya kumanzere. Mwini golosale anasiya kusesa, anatsamira tsache n'kumandionerera. Kumbuyo kwanga lole ya buledi inayamba kuimba hutala.

"Achimwene," anatero mwini golosale, "sankhani kumodzi, buledi wanga alowe."

Ndinakhotera kumanzere, chifukwa kumanja kuli hampu.